Ndani alowe m'kaundula wa ogwira ntchito ku hositelo?

Teremu yathayi ndinaitanidwa ku msonkhano wina waung'ono kuno kwa Inkosi Kanduku m'boma la Mwanza, kumene ndimaphunzitsa sekondale m'mawa ndi madrasa madzulo. Anthu ogwira ntchito pa hositelo ina ya atsikana, yomwe sinditchula dzina lake, anagwirizana zolowa yuniyoni, bungwe la apantchito, kuti akamakamba za malipiro ndi eni malowo azikamba ali pamodzi, osati mmodzimmodzi pakhomo la ofesi. Ine anangondipempha kuti ndiwalembere mayina, poti mphunzitsi sasowa cholembera m'thumba. Ndinkayesa ndi ntchito ya mphindi khumi. Tinayamba titangoswali Asr, ndipo adhana ya Maghrib inatipeza pepala lisanathe.

Mayina anayi oyamba sanavute: amayi atatu ndi bambo mmodzi amene amaphika. Lachisanu linali la mlonda wa usiku amene analembedwa ntchito ndi komiti ya hositeloyo. Mkangano unayambira pa dzina la amatroni. Mmodzi wa ophika anati, "Amenewo ndi abwana, ndiwo amatidula ndalama tikachedwa." Amatroni anayankha kuti malipiro awo amachedwa masiku omwewo amene a wina aliyense amachedwa. Tisanathane nayo imeneyo, panabuka ya alonda awiri a pageti amene amavala yunifolomu ya kampani ina ya ku Blantyre. Kenako ya mayi wosesa ndi kutsuka zimbudzi, amene amalandira zake Loweruka lililonse ngati waganyu, chikhalirecho wagwira pamalopo zaka zambiri. Kenako ya bambo wowaza nkhuni, ya atsikana awiri a Fomu 3 amene amathandiza kukhitchini kuti awachotsereko fizi, ndi ya mphunzitsi woyang'anira ogonera. Anthu 13 mumpanda umodzi, odyetsa ndi kulondera ana amodzimodzi, koma osamvana kuti akati "ife" akunena yani.

Mwina wina ku Mangochi kapena ku Nkhotakota afunsa kuti nkhani ya kuno kumalire a Zobue, kwa manachesi ndi mathiraki, ikumukhudza bwanji. Ikukukhudzani mbali ziwiri, abale anga. Mbali yoyamba, ana anu ndi amene akugona m'malo ngati amenewa. Mwana akasankhidwa kusukulu yakutali, kapena akapita ku yunivesite n'kukapeza malo ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, ku Goliati pafupi ndi MUST, amene amamuona tsiku ndi tsiku si mphunzitsi wamkulu koma mlonda ndi mayi wophika. Mbali yachiwiri, alonda ndi ophikawo ambiri ndi abale anu omwe. Nyanja ikamauma nsomba, anyamata athu amakwera kumtunda kukasaka ntchito, ndipo zimene zimapezeka msanga ndi zomwezi: ulonda, kuphika, kusesa. Banja limodzi likhoza kukhala lolipira fizi ya hositelo ku Dedza ndi lolandira malipiro a hositelo ku Zomba.

Chaka cha 2026 chaikulitsa nkhaniyi. Kuyambira Januwale boma linati maphunziro a sekondale m'sukulu zake ndi aulere, ndipo ndalama zina zimene makolo ankasonkha m'sukulu zoyendera zinathetsedwa. Koma fizi ya malo ogona sinathetsedwe pa nthawiyo. M'malo ambiri ndi mu fizi imeneyi mmene mumachokera ufa, nyemba, nkhuni, komanso malipiro a anthu amene sali pa mndandanda wa boma. Mphika ndi umodzi, mithiko ndiyo yachuluka.

Tione kaye chimene lamulo likunena, chifukwa ambiri amene tinali pamsonkhanopo tinkakangana tisanaliwerenge. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wokhazikitsa kapena kulowa bungwe la apantchito, komanso ufulu wosalowa ngati sakufuna. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 ndi limene limafotokoza mmene ufuluwo umagwirira ntchito. Gawo 25 la lamuloli limati ngati anthu osachepera 20 pa 100 aliwonse ogwira ntchito pamalo ali mamembala a yuniyoni, wolemba ntchito ayenera kukhala pansi ndi yuniyoniyo kukambirana za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito. Powerenga, mabwana akuluakulu oyendetsa malowo sawerengedwa. Ndipo lamulo limalola kuti chiwerengerocho chitengedwe pa ogwira ntchito onse a pamalopo, kapena pa gulu limodzi lokha la ntchito, monga ophika okhaokha.

Chiwerengero cha 20 pa 100 ndi chochepa. Pa anthu 10, awiri akwanira. Choncho pa hositelo yaing'ono ngati yathuyi vuto silikhala kukwanitsa nambala. Vuto ndi mzere umene mwalemba pozungulira gululo, pakuti zimene mudzagwirizane ndi abwana zidzagwira ntchito pa okhawo amene ali mkati mwa mzerewo. Wotsala kunja adzaona anzake akukwezedwa malipiro, akupatsidwa tsiku lopuma ndi ovataimu, iye ali pomwe analipo. Ndiye funso lakuti ndani alembedwe si la ulemu kapena la chinansi. Ndi funso la ndiwo za mawa.

Tiyambe ndi mayi wosesa uja, popeza nkhani yake ndi imene inandipweteka kwambiri. Eni malo amati ndi waganyu. Mawu akuti ganyu ife timawadziwa kumunda: wapalira mizere yako, walandira zako, mawa sitidziwana. Koma munthu amene amafika 6 koloko m'mawa masiku asanu ndi limodzi pa sabata, amene tsache ndi ndowa amapatsidwa ndi hositelo, amene akadwala ayenera kukapempha chilolezo kwa amatroni, ameneyo ganyu wake ali pati? Lamulo la Employment Act la 2000 siliyang'ana dzina limene abwana akupatsa. Limayang'ana ngati munthuyo akugwirira wina ntchito molandira malipiro, akudalira iyeyo pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku, ndipo ali wokakamizika kuchita zimene wauzidwa monga wolembedwa ntchito achitira. Kulandira Loweruka m'malo mwa pakutha pa mwezi sikusintha kanthu. Kusowa kalata yolembedwera ntchito nakonso sikumuchotsa m'gulu, kumangoonetsa kuti wolemba ntchitoyo sanachite mbali yake.

Pali kachenjerero kena kofanana nako kamene kafala m'sukulu zogonera pompo. Ophika amalembedwa teremu imodzi, sukulu ikatsekera amauzidwa kuti kontirakiti yatha, ikatsegulira amaitanidwanso. Chaka chili ndi materemu atatu, ndiye munthu akhoza kugwira zaka khumi akuoneka ngati wangoyamba dzulo. Gawo 28 la Employment Act linaziona kale zimenezi. Limati ngati kontirakiti ya kanthawi ikugwiritsidwa ntchito podzaza malo a ntchito yokhazikika, imene ndi mbali ya zochita za tsiku ndi tsiku za malowo, kontirakitiyo itengedwe ngati yopanda malire a nthawi. Kodi pa hositelo pali ntchito yokhazikika kuposa kuphika? Tsiku limene moto sudzayaka kukhitchini, pofika masana makolo onse adzakhala atamva.

Dzina la ntchito lili ndi mtengo wakenso pa malipiro. Mu Febuluwale 2024, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, ndipo mu 2025 anafika pa K126,000. Koma antchito a m'nyumba ali ndi mlingo wawo wapadera, wotsikirapo. Ndiye mumve eni hositelo ena akunena kuti mayi wophikira atsikana oposa 100 ndi "wantchito wa m'nyumba", poti hositelo ndi nyumba ndipo ana ndi ana. Ine ndikukana. Kumene anthu amalipira fizi, kumene kuli kaundula wa ndalama zolowa ndi zotuluka, kumeneko ndi kuntchito. Mayi amene amavundula nsima m'poto woti mwana akhoza kusambiramo sali pakhomo pa munthu. Penshoni nayo imadalira dzina lomweli: wolemba ntchito amayenera kuika 10 peresenti ya malipiro, wogwira ntchito 5 peresenti, koma amene watchedwa waganyu palibe amamuikira kalikonse.

Ya amatroni ndi yovutirapo, ndipo sindikudabwa kuti ophika anaima nayo nji. Lamulo limapatula mabwana akuluakulu pa chifukwa chomveka: munthu sangakhale mbali zonse ziwiri za tebulo. Ngati ndiwe amene umalemba anthu ntchito, kuwachotsa, ndi kugamula malipiro awo, ukakhala pa msonkhano wa yuniyoni anzako sangalankhule momasuka. Koma sikuti aliyense wonyamula makiyi ndi bwana wamkulu. Tinawafunsa amatroni mafunso atatu. Kodi munalembapo munthu ntchito? Ayi. Kodi munachotsapo munthu? Ayi, amangokanena kukomiti. Kodi mumadziwa ndalama zimene zimalowa pa teremu? Anaseka. Ndalama zimene ophika amati amawadula, amadula ndi msungichuma wa komiti, amatroni amangopereka buku la ofika mochedwa. Munthu wotero ndi kapitawo, si mwini munda. Amagona m'chipinda choyandikana ndi ana, amadzutsidwa pakati pa usiku mwana akadwala malungo, ndipo lamulo likuti sabata ya ntchito ndi maola 48. Palibe amene anawawerengerapo maola amatroni.

Ndaona m'malo ena abwana akugwiritsa ntchito maudindo pofuna kuphwanya gulu. Yuniyoni ikangoyamba kumveka, wolankhula kwambiri uja amapatsidwa dzina loti "supavaiza", amamuonjezera kandalama kochepa, basi watuluka m'kaundula. Ndi chifukwa chake mafunso atatu aja ndi ofunika kuposa dzina lolembedwa pachitseko.

Mphunzitsi woyang'anira ogonera sanatichedwetse. Malipiro ake amachokera ku boma, ndipo bungwe lake ndi Teachers Union of Malawi. Zokambirana zake zimachitikira ku Lilongwe, osati pansi pa mtengo wa mango kwa Kanduku. Iye mwini anavomereza. Koma nkhani yake ikuonetsa mmene mpanda umodzi umakhalira ndi olemba ntchito angapo. Pasukulu ya boma yogonera pompo mukhoza kupeza wophika wina ali pa mndandanda wa boma, ali ndi penshoni ndipo akhoza kulowa Civil Servants Trade Union, pamene mnzake wogwira naye mthiko umodzi analembedwa ndi komiti ya sukulu ndipo amadikira kuti makolo amalize fizi. Utsi umene ukuwalowa m'maso ndi umodzi.

Tsopano alonda a kampani aja. Apa ndi pamene pagona nkhani ya m'tsogolo, chifukwa kachitidwe kopereka ntchito kumakampani akunja kwa mpanda kakukula. M'mayunivesite athu a boma, ulonda, ukhondo ndi zophikaphika zambiri zinachoka kale m'manja mwa sukulu. Ophunzira amalandira ngongole ku bungwe la boma loona za ngongole za ophunzira n'kumadzigulira okha chakudya, ndipo ambiri amagona m'nyumba za anthu wamba kunja kwa sukulu. Mlonda amene waima pageti la hositelo amalandira malamulo kwa oyang'anira hositelo: tsegula nthawi yakuti, usalowetse wakuti. Koma akadandaula kuti miyezi iwiri yatha osalandira, amauzidwa kuti, "Ife tinalipira kale kukampani yanu." Akapita kukampani, amati hositelo sinalipire. Amene amamulamula sakumulipira, amene amamulipira samuona.

Powerenga monga gawo 25 likunenera, wolemba ntchito wa alondawa ndi kampani, ndipo zokambirana zawo ziyenera kukachitika ndi kampaniyo, pamodzi ndi alonda anzawo amene amwazikana m'mabanki, m'masitolo ndi m'nyumba za anthu. Bungwe lawo lilipo, lija lili ndi dzina lalitali lophatikiza osoka zovala, a zikopa ndi alonda, Textile, Garment, Leather and Security Services Workers Union. Koma taganizani alonda awiri ali ku Mwanza, ofesi ya kampani ili ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Anzawo a kampani imodzi sanawaonepo. Anthu amene amamwa nawo tiyi m'bandakucha ndi ophika a pa hositelo.

Abale athu amene ali ku Joni anaiona nkhani imeneyi ikuphulika. Yunivesite ya Cape Town inapereka ntchito zoyeretsa, zophika ndi zina zotero kumakampani chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ya Wits ku Johannesburg inachita chimodzimodzi mu 2000. Anthu anapitiriza kusesa makonde omwewo koma malipiro atatsika ndi zabwino zina zitachotsedwa. Mu Okutobala 2015, pa zionetsero za Fees Must Fall, ophunzira anaphatikiza dandaulo lawo la fizi ndi dandaulo la antchitowa. Mwezi womwewo yunivesite ya Cape Town inasainirana pangano ndi yuniyoni ya Nehawu, ndipo mu Julayi 2016 antchito pafupifupi 1,000 anabwerera m'kaundula wa yunivesite. Mu 2018 khoti lalikulu la malamulo a dziko la South Africa, pa mlandu wa kampani ya Assign Services ndi yuniyoni ya Numsa, linagamula kuti wantchito wa malipiro ochepa amene watumizidwa ndi kampani yobwereketsa antchito, akadutsa miyezi itatu pamalo amodzi, pa nkhani za lamulo la ubale wa pantchito bwana wake ndi mwini malowo. Chimene ndikutolapo ine ndi chakuti ophunzira, amene ankalira fizi, sanaone antchito ngati adani awo, ngakhale onse ankayang'ana thumba limodzi.

Ku America anasankha njira ina pa alonda. Lamulo lawo, kuyambira 1947, sililola bungwe la boma loona za mayuniyoni kuika alonda m'gulu limodzi ndi antchito ena. Maganizo ake ndi akuti pa tsiku la sitalaka mlonda amayenera kuteteza katundu wa abwana, ndiye asakhale womangika ndi lonjezo kwa anzake. Mfundoyi ili ndi nzeru zake, makamaka pamalo pogona ana aakazi, pamene geti silingasiyidwe lotsegula ngakhale usiku umodzi. Koma gawo 25 la lamulo lathu silitchula alonda, limapatula mabwana akuluakulu okha. Mlonda wolembedwa ndi komiti uja ali ndi malo ake m'gulu. Nkhawa ya geti ithetsedwe m'pangano momwemo, polemba kuti ngakhale patavuta chotani, ulonda wa usiku ndi chakudya cha ana odwala siziima.

Za alonda a kampani, chimene gulu la pa hositelo lingachite ndi kuika m'zokambirana zake mfundo yakuti kampani iliyonse yopatsidwa ntchito pamalopo izilipira osachepera malipiro a boma, ndipo izionetsa umboni mwezi ndi mwezi isanalandire cheke china. Izi sizichitira chifundo alonda okha. Zimateteza ophika omwe. Ngati ntchito yoperekedwa kunja ili yotchipa chifukwa anthu ake akuponderezedwa, tsiku lina komiti idzawerengetsa n'kupeza kuti khitchini nayo ikhoza kuperekedwa kunja.

Apa ndi pamene ndinasiyana maganizo ndi bambo wophika uja, munthu wanzeru amene ndimamulemekeza. Iye ankafuna gulu la ophika okhaokha. Anati anthu anayi amamvana msanga, dandaulo lawo ndi limodzi, ndipo mphamvu ali nayo poti iwo akaima zonse zaima. Lamulo likumulola, ndipo zimene ananena ndi zoona. Gulu lalikulu limabwera ndi zofuna zosiyana: mlonda akufuna tochi, jekete ndi ovataimu ya usiku, wophika akufuna chitofu chosafuka utsi, wosesa akufuna magolovesi ndi kalata yolembedwera ntchito. Kuzimanga mtolo umodzi n'kovuta. Koma ndinamufunsa kuti, ophika mukapambana n'kukwezedwa, mmodzi wa inu akadzapuma ntchito, komiti idzalemba wophika wachinayi pa malipiro atsopanowo, kapena idzangouza mayi wosesa uja kuti azithandizako kukhitchini pa mtengo wa ganyu? Anakhala chete. Gulu laling'ono limapambana msanga, kenako limayamba kuchepa, chifukwa ntchito imasefukira kwa amene anatsala kunja kwa mzere.

Nanga atsikana awiri a Fomu 3? Kumayiko ena funso limeneli lafika m'makhoti. Ku America kuli ophunzira amene amayang'anira anzawo m'mahositelo a yunivesite posinthana ndi chipinda chaulere ndi kandalama. A pa yunivesite ya Massachusetts ku Amherst anapanga yuniyoni yawo mu 2002. Mu Ogasiti 2016 bungwe la boma la National Labor Relations Board linagamula pa nkhani ya yunivesite ya Columbia kuti munthu akhoza kukhala wophunzira komanso wantchito nthawi imodzi, ngati akugwira ntchito molamulidwa ndipo akulandirapo kanthu. Mu 2017 mkulu wina wa bungwe lomwelo ananenanso chimodzimodzi za oyang'anira mahositelo a pa yunivesite ya George Washington. Tsiku lina funsoli lidzafika kwa ife, poti eni mahositelo a ku Chikanda ndi kwina ayamba kale kusankha wophunzira mmodzi kuti azitolera lendi ndi kuyang'anira madzi ndi magetsi posinthana ndi bedi.

Koma amenewo ndi akuluakulu a ku yunivesite. Athuwa ndi ana a zaka 16 ndi 17. Pulifekiti amene amaimba belu ndi kuyang'anira mzere wa chakudya sali pantchito, akuphunzira utsogoleri ndipo salandira kanthu. Mtsikana amene amadzuka 4 koloko kukasankha nyemba ndi kutsuka mapoto kuti amuchotsere gawo la fizi, ameneyo akugwira ntchito ndithu, ndipo kuchotseredwa fiziko ndiwo malipiro ake. Komabe sindinafune kuti alembedwe. Kuwalemba kukanakhala kuvomereza kuti malo awo ndi kukhitchini. Ine ndimawaona m'kalasi pa piriyodi yoyamba akuwodzera. Chofunika kwa iwo si kukambirana mtengo wa ntchitoyo koma kuti ichepe kapena ithe, apezeredwe thandizo la fizi, ndipo ntchitoyo ipatsidwe munthu wamkulu wolipidwa. Tinagwirizana kuti nkhani yawo ipite ku komiti ya makolo, ndipo ophika anavomera kuti m'zofuna zawo mukhale mfundo yakuti ana asamalowe m'malo mwa wantchito.

Sindikubisirani, makolo anzanga: zonsezi zili ndi mtengo, ndipo mbali ina ya mtengowo idzafika pa inu. Mayi wosesa akalembedwa ntchito mokhazikika, ophika akamalipidwa ndi pa holide pomwe, penshoni ikayamba kuikidwa, ndalamazo sizidzagwa kumwamba. Komiti zambiri za mahositelo si anthu olemera kapena oipa mtima. Ndi makolo ndi aphunzitsi amene akulimbana ndi mtengo wa chimanga, ndi anzawo amene amalipira fizi theka n'kulonjeza kuti yotsala ibwera usipa ukagwidwa. Ndakhalapo m'komiti yotere, ndipo ndikudziwa mmene mutu umawawira pa sabata yachisanu ndi chitatu ya teremu. Koma fizi yotsika imene timaikondayo ilipo amene akuilipirira, ndipo ndi mayi amene walandira theka la malipiro ake. Ubwino wa kukambirana monga gulu ndi wakuti mabuku amatsegulidwa. Antchito amaona zimene zalowa, komiti imaona zimene munthu sangakhalire nazo moyo, ndipo makolo amauzidwa chifukwa chenicheni fizi ikakwera. Nthawi zina pamapezekanso kuti ndalama zinalipo, zimangothera kwa wogulitsa nkhuni amene ndi mlamu wa wina wake.

Ndinenenso za ife eni. Mabungwe ndi mizikiti yathu ili ndi malo ambiri ogona ophunzira, kunyanja konko ndi m'matauni. M'malo amenewa mzere uja umasokonekera mwa njira yathuyathu. Wophika timamutcha wodzipereka, malipiro ake timawatcha hadiya, ndipo akafunsa za kukwezedwa timamukumbutsa za malipiro a tsiku lomaliza. Wodzipereka weniweni alipo, ndipo Allah amulipire: ndi uja amabwera akafuna, amachoka akafuna, ndipo ali ndi kwina kumene amapeza chakudya cha ana ake. Koma mayi amene m'mwezi wa Ramadhan amadzuka 2 koloko usiku kuphika daku, n'kudzaimanso pamoto masana kukonza futari, mwezi wonse, chaka ndi chaka, amene akajomba timamufunsa chifukwa, ameneyo ndi wantchito, ndipo lamulo la 2000 likumuona choncho kaya ife timutche dzina lanji. Yuniyoni ikadzagogoda pa geti la madrasa tisadzati ndi fitina. Ndipotu zokambirana zotere zili ndi phindu kwa Asilamu amene akugwira ntchito m'mahositelo a ena: nthawi ya Jumu'ah, tchuthi cha Eid ndi kavalidwe ka alongo athu kukhitchini zimalembeka bwino m'pangano la gulu kusiyana ndi kumakapempha wekha sabata iliyonse.

Kwa amene ali m'malo ngati amenewa ndipo akufuna kuyamba, njira yake si yachinsinsi. Mabungwe alipo kale pansi pa Malawi Congress of Trade Unions, kuphatikizapo la ogwira ntchito m'sukulu zomwe si za boma, Private Schools Employees Union of Malawi, ndi la a m'mahotela ndi zophikaphika. Ofesi ya leba ili paboma lililonse. Lamulo limaletsa kuchotsa munthu ntchito kapena kumuzunza chifukwa walowa yuniyoni, ndipo mkangano wakuti ndani ali m'gulu ukakanika pamalo, umakathera ku khoti la Industrial Relations. Koma mlandu umatenga nthawi ndi thiransipoti, ndipo umboni umene umafunika kumeneko ndi womwe uja tinkafunsana pansi pa mango: amakuuza nthawi yofika ndani, zipangizo ndi za yani, ukajomba umayankha kwa yani, ndalama imachokera m'thumba la yani, ndipo wakhala ukuchita zimenezi kwa nthawi yaitali bwanji. Sungani timapepala tolandirira ndalama, ngakhale tong'ambidwa m'kope. Amene amalandira pa foni asafufute mauthenga.

Pepala lathu linatha motere. Ophika anayi, mlonda wa komiti, amatroni ndi mayi wosesa analembedwa, anthu asanu ndi awiri. Mphunzitsi ndi atsikana awiri aja sanalembedwe. Alonda a kampani tinawalemba pa pepala lachiwiri, loti lipite ku bungwe lawo, ndipo anapemphedwa kuti azibwerabe pa misonkhano.

Anatsala bambo wowaza nkhuni. Nkhwangwa ndi yake. Amawazanso kumalesitilanti a kuboda, ndipo amalipidwa pa mulu, osati pa tsiku. Zonsezi zikumuika kunja. Koma nyengo ya mvula, nkhuni zikanyowa, amatroni amamufuna m'mawa uliwonse, ndipo chaka chatha atapita kumaliro ku Neno masiku anayi anabwerako n'kupeza akumuopseza kuti malo ake apatsidwa wina. Ophika awiri anati alembedwe, awiri anati ayi. Titamufunsa mwini wake, anati akuopa kuti akalowa m'kaundula adzamuletsa kuwaza kuboda, kumene amapeza zochuluka kuposa za pa hositelo. Anapempha kuti akayambe wafunsa mayi a kunyumba. Dzina lake ndinalilemba ndi pensulo, ndipo tidzakumananso sabata yachiwiri sukulu ikatsegulira, Insha Allah.